Kuweta nankalizi m'nyumba: bokosi, dothi, chakudya ndi chochita akaluma

Nankalizi sazolowera munthu. Mungamudyetse zaka zisanu, koma tsiku limene chala chanu chidzayandikire mutu wake adzaluma ngati kuti sanakuonenipo. Maso ake ndi ang'onoang'ono, anayi mbali iliyonse ya mutu, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kusiyanitsa kuwala ndi mdima. Zinthu amazidziwa ndi tinyanga take komanso kugwedezeka kwa pansi, ndipo chilichonse chomukhudza amachiyesa chakudya kapena mdani. Choncho kumuweta konse kwagona pa mfundo imodzi: mukonze zinthu mwakuti dzanja lanu ndi iye zisakumane ngakhale kamodzi.

Musamusokoneze ndi bongololo. Bongololo ali ndi miyendo inayi pa zigawo zambiri za thupi lake, amadya masamba owola ndipo saluma. Nankalizi ali ndi miyendo iwiri pa chigawo chilichonse, thupi lake ndi lophwatalala, ndipo amasaka nyama yamoyo. Ambiri mwa akuluakulu, a gulu la Scolopendra, ali ndi miyendo 42. Zimene anthu amati mano ake ndi miyendo iwiri yoyamba, yopindikira pansi pa mutu, yosongoka, yokhala ndi poizoni m'kati. Miyendo iwiri yaitali yakumbuyo ilibe mbola, koma ili ndi minga ndipo amagwirira nayo. Mukamukhudza kumbuyo amakola chinthucho ndi miyendoyo, n'kupinda thupi kuti mutu ufike pomwepo. Palibe malo pathupi lake pamene munthu angagwire mutu osafikapo.

Kusankha mtundu

Oweta tizilomboti ambiri ali ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, ndipo amagula kwa ogulitsa akangaude ndi zinkhanira kapena pa zionetsero monga Terraristika ya mumzinda wa Hamm ku Germany. Phunzirani mayina achilatini, chifukwa mayina amalonda sadalirika: dzina limodzi limatha kupatsidwa kwa mitundu ingapo yosiyana ukali.

Woyamba kumene ayambe ndi Scolopendra polymorpha wa kumwera chakumadzulo kwa United States ndi kumpoto kwa Mexico, kapena Scolopendra cingulata wa m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Onsewa amatalika masentimita 10 mpaka 15, amapirira dothi likauma pang'ono, ndipo akaluma ululu wake nthawi zambiri sufika wa akuluakulu a ku Asia. Mu Africa muno muli Ethmostigmus trigonopodus, amene ambiri ali ndi miyendo yobiriwira modera ku buluu, ndi Scolopendra morsitans, wofika masentimita pafupifupi 13, wopezeka pansi pa miyala ndi makungwa m'maiko ambiri otentha kuphatikizapo kuno kumwera kwa Africa. Palinso Alipes grandidieri wa kum'mawa kwa Africa, amene miyendo yake yakumbuyo ndi yophwatalala kunsonga ndipo amaisokoseretsa akaopsedwa. Ameneyu ndi wofatsirako, koma dothi likangouma amafa msanga.

Amene muyenera kuwapewa poyamba ndi Scolopendra dehaani ndi Scolopendra subspinipes a ku Asia. Vuto lawo ndi lakuti ndi otchipa komanso opezeka paliponse m'masitolo a ziweto zotere, ndiye anthu ambiri amayambira pomwepo. Amafika masentimita 20, amathamanga kuposa mmene diso lingatsatire, ndipo kuluma kwawo kwagonekapo amuna amphamvu m'chipatala. Scolopendra heros wa ku Texas, Arizona ndi Mexico analumapo munthu mpaka minofu kuonongeka ndi impso kulephera kugwira ntchito. Wamkulu kwambiri ndi Scolopendra gigantea wa kumpoto kwa South America, wofika masentimita 30. Mu 2005 akatswiri analemba za anankalizi amenewa akugwira ndi kudya mileme kudenga la phanga ku Venezuela, ndipo mu 2014 mwana wa zaka 4 anamwalira m'dziko lomwelo atalumidwa ndi mmodzi amene anabisala m'chitini cha zakumwa.

Imfa zotere ndi zosowa, koma zina mwa zimene zalembedwa zagwera ana. Nyumba imene muli mwana wokwawa, munthu wodwala mtima kapena munthu amene thupi lake limatupa koopsa akalumidwa ndi njuchi si malo owetera nankalizi wamkulu. Okhala nawo m'nyumba ayenera kudziwa ndi kuvomera musanabweretse.

Za malamulo funsani nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire m'dziko limene mukukhala. Ku Malawi simungatole chamoyo m'malo otetezedwa monga Liwonde kapena Nyika popanda chilolezo. Tanzania, kumene kunkachokera anankalizi ambiri a mu Africa ogulitsidwa kunja, inaletsa kutumiza kunja nyama zamoyo zakutchire mu 2016, ndiye wogulitsa akanena kuti wake ndi wa ku Tanzania, mufunseni bwino mmene anamupezera.

Bokosi

Apa ndi pamene muyenera kutaya nthawi ndi ndalama. Nankalizi sakwera galasi loyera kapena pulasitiki yosalala, koma amaima ndi miyendo yochepa yakumbuyo n'kutambasula thupi pafupifupi lonse m'mwamba. Akangokola milomo ya bokosi ndi miyendo iwiri yakutsogolo, watuluka. Choncho mtunda wochokera pamwamba pa dothi kufika pachivundikiro upose utali wake ndi theka lina. Wa masentimita 15 amafuna mpata wa masentimita 23 pamwamba pa dothi; mukawonjezera dothi la masentimita 10, bokosi likhale lotalika masentimita 35, pansi pake masentimita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi. Wa masentimita 25 amafuna pansi pa masentimita 60 ndi 30, ndi msinkhu wosachepera 53. Poyeza, yambirani pa chinthu chotalika kwambiri chimene chili m'katimo, osati padothi. Khungwa loimirira kapena mwala woyandikana ndi khoma umafupikitsa mtunda uja osazindikira.

Bokosi lalikulu kwambiri silithandiza. Amakumba n'kusowa, ndipo mumatsegula osadziwa kumene ali.

Bokosi lagalasi longa losungiramo nsomba lili ndi chilema chimodzi: silikoni ya m'makona, guluu womatira magalasi. Zikhadabo zake zimakola pamenepo ndipo amakwera mpaka pamwamba. Palani silikoni yotuluka m'katimo ndi lezala kumtunda kwa makona, kusiya yokhayo imene ili pakati pa magalasi. Bokosi lapulasitiki loonekera m'kati, lokhala ndi zotsekera m'mbali, limagwira bwino ntchito malinga ngati silinakalike. Pulasitiki yokalika, fumbi louma pakhoma ndi zipsera za madzi amchere zonse zimamupatsa pogwira, ndiye pukutani makoma ndi kansalu konyowa kogwidwa ndi chopanira. Mabokosi otsegukira kutsogolo, amene amapangira abuluzi, musagule. Khomo lake lili pafupi ndi dothi, ndipo pakati pa zitseko pamatsala mpata.

Chivundikiro chikhale chokhoma, osati chongoika mwala pamwamba. Nankalizi wamkulu amakankha chivundikiro chopepuka, ndipo pamene mutu wake wophwatalala wadutsa, thupi lonse limadutsa. Yesani ndi kakhadi ka pulasitiki kuzungulira chivundikiro chonse: pamene kalowa, tsekani. Mabowo a mpweya akhale a mamilimita 2 kwa wamkulu. Kwa ana boolani ndi singano yootcha. Boolerani kuchokera m'kati kupita kunja kuti zotsalira za pulasitiki zikhale kunja, ndipo mabowo ambiri akhale pachivundikiro ndi kumtunda kwa makoma awiri oyang'anizana. Mabowo otsika amasanduka makwerero. Ngati mukufuna sefa, ikhale yachitsulo, yomatidwa mwamphamvu, chifukwa yapulasitiki amaitafuna. Neti ya udzudzu musaiyerekeze n'komwe, chifukwa maneti ambiri amakhala ndi mankhwala opha tizilombo amene amaphanso nankalizi.

Mankhwala ndiwo amapha ziweto zambiri zotere m'nyumba zathu. Doom kapena mankhwala ena opopera, utsi wa koilo ya udzudzu, Actellic wothira m'chimanga, mankhwala a utitiri othira galu, zonsezi zisayandikire chipinda chake. Ngati azaumoyo akubwera kudzapopera makoma, tulutsani bokosi m'nyumba imeneyo ndipo musalibwezemo msanga. Nyerere nazo zimalowa pa mabowo a mpweya n'kupha nankalizi amene akufundula. Miyendo ya tebulo muiimike m'timbale ta madzi, ndipo tebulo lisagunde khoma.

Pachivundikiro lembani dzina la mtundu wake ndi mawu akuti ali ndi poizoni. Tsiku limene wina adzalumidwe inu kulibe, adokotala adzafuna dzinalo.

Dothi ndi chinyezi

Khungu la nankalizi lilibe phula lotsekereza madzi limene tizilombo tambiri tili nalo, ndipo timabowo topumira ta m'mbali mwa thupi lake satha kutitseka bwino. Amauma msanga. Koma akakhala m'dothi lonyowa kopitirira, mopanda mpweya woyenda, amagwidwa ndi fangasi: nsonga za miyendo ndi za tinyanga zimada, kenako zimaduka, ndipo madontho akuda amafalikira pathupi. Oweta ambiri amaopa kuuma, n'kuthira madzi mopitiriza ndi kuchepetsa mabowo, ndiye amamupha ndi chinyontho. Njira yake ndi kuphatikiza zonse ziwiri: dothi lakuya losunga chinyezi pansi, ndi mpweya wokwanira pamwamba.

Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda la pansi pa mitengo, gawo limodzi la makoko a kokonati opera kapena masamba owolerana, ndi gawo limodzi la mchenga. Dothi lisachokere m'munda wothiridwa feteleza kapena mankhwala. Liwotcheni mu uvuni pa madigiri 100 kwa ola limodzi, kapena lithireni madzi owira n'kulisiya lizizire ndi kuuma pang'ono, kuti muphe mazira a tizilombo. Poyesa chinyezi, fumbatani dothi: ligwirane koma lisadonthe. Kuya kwake masentimita 8 mpaka 10 kwa apakatikati, 15 kwa akuluakulu, ndipo litsendereni kuti una wake usagumuke.

Madzi thirani pakona imodzi, alowe pansi, kamodzi pa sabata kapena pamene dothi lapansi layamba kumbuwa. Mbali ina ikhale youmirako kuti asankhe yekha. A m'nkhalango zamvula monga dehaani, gigantea ndi Alipes amafuna chinyezi cha 70 mpaka 80 peresenti, ndiye mbali yonyowa ikhale yaikulu. Kwa polymorpha, cingulata ndi morsitans pamwamba pazikhala pouma, pansi pokha ndi pachinyezi. Madontho okhalitsa pamakoma tsiku lonse ndi chizindikiro chakuti mpweya ukuchepa. Mukaona miyendo ikuda, wonjezani mabowo, lekani kuthira madzi padothi kwa kanthawi ndipo musiye mbale ya madzi yokha. Ngati fangasi sanafike pathupi, nthawi zambiri amachoka akafundula.

Mbale ya madzi ikhale yosaya, monga chitsekerero cha botolo lalikulu, ndipo isaume. Amamwadi. Pobisala ikani khungwa louma kapena phale la mphika logonekedwa pansi. Chinthu cholemera chikhazikike pansi penipeni pa bokosi, chifukwa akakumba kunsi kwake chimamugwera.

Kutentha koyenera kwa mitundu yambiri ndi madigiri 24 mpaka 28, usiku kutsika mpaka 20. Mu June ndi July, m'malo ozizira monga Dedza ndi Mzuzu, komanso ku Johannesburg, pamafunika kachipangizo kofunditsa kokhala ndi chodzizimitsira. Kamateni pakhoma la m'mbali, osati pansi. Nankalizi akamva kutentha amakumba kupita pansi, ndiye ngati moto uli pansipo amautsatira n'kufa. Kutentha kwa mu October m'nyumba yamalata n'koopsa kuposa kuzizira: kukadutsa madigiri 32 tsitsani bokosi pansi, m'chipinda chozizirako. Dzuwa lisawombe bokosi ngakhale kwa mphindi zochepa.

Kudyetsa

Wamkulu amadya kamodzi pa masiku 7 mpaka 10: mphemvu imodzi kapena ziwiri, nkhululu kapena chiwala, chosaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake. Ana amadya kawiri pa sabata, ndipo muziwapatsa tizilombo tophwanyidwa mutu. Ngumbi m'nyengo yake ndi zabwino. Mphemvu za m'khitchini ndi ziwala za m'dimba lopoperedwa zimabwera ndi mankhwala, ndiye ndi bwino kuweta mphemvu zanuzanu m'ndowa yotseka, kumazipatsa gaga ndi makoko a zipatso. Kachidutswa ka nthochi kapena mango kamodzi pakanthawi amakanyambita.

Mbewa yamoyo musamupatse. Makanema a pa YouTube oonetsa zimenezi ndi nkhanza chabe. Mbewa imavutika, imathanso kumuluma, ndipo zotsala zake zimanunkha ndi kuitana tizilombo. Iye safuna nyama yotere kuti akule.

Ponyani chakudya madzulo ndi chopanira, ndipo chimene sanadye muchotse pasanathe maola 24. Zotsala zimamera chuku ndi kuchulukitsa tizilombo toyera tating'onoting'ono timene timakangamira m'mfundo za thupi ndi pa timabowo topumira. Tikachuluka, sinthani dothi lonse ndipo chepetsani chinyontho. Wodya mopitirira amaoneka ndi khungu la m'mbali lotukumuka pakati pa zigawo. Mudumphitseni sabata imodzi kapena ziwiri.

Akasiya kudya, mtundu wake n'kumbuwa, n'kudzitsekera pansi kwa milungu ingapo, ndiye kuti akufuna kufundula. Musamufukule. Khungu lakale limang'ambika cha kumutu, iye n'kutuluka chakutsogolo, ndipo ambiri amalidya, n'chifukwa chake simungalipeze. Panthawiyi ndi wofewa moti nkhululu yosiyidwa m'bokosi imatha kumudya. Dikirani masiku 7 mpaka 10 atatulukanso musanamudyetse. Mwendo woduka umaphukanso pofundula, poyamba waufupi. Osamalidwa bwino amakhala zaka 5 kapena kuposa, ndipo akuluakulu ena amayandikira 10.

Aliyense akhale m'bokosi lakelake. Awiri pamodzi amadyana.

Kugwira ntchito m'bokosi ndi kumusamutsa

Zida zake ndi chopanira chachitsulo chosalala cha masentimita 30 kapena kuposa, bulashi yofewa yopentera ya mpini wautali, kabokosi kapulasitiki koonekera kokhala ndi chivundikiro, katoni yolimba yophwatalala, ndi tochi. Magolovesi amanyenga. Zolumira za wamkulu zimaboola chikopa chopyapyala, ndipo nsalu imamupatsa pokwerera mpaka padzanja la malaya.

Musanatsegule, muoneni kaye kumene ali, ndipo yang'anani kunsi kwa chivundikiro. Gwirani ntchito masana, pamene ali wofooka, zitseko zotseka, pansi pa chitseko potsekedwa ndi chopukutira, ana ndi ziweto zina ali kunja. Bokosi lonse muliike m'bafa kapena m'beseni lalikulu losalala, kuti akatuluka agwere m'khoma lachiwiri. Akakola chopanira n'kuyamba kukwera, chisiyeni chigwere m'bokosi momwemo. Osachikutumula, chifukwa mungamuponyere pathupi panu kapena pansi.

Posamutsa, chotsani pobisala ndi mbale poyamba. Gonekani kabokosi koonekera m'mbali mwa khoma, n'kumukhudza pang'ono ndi bulashi kumbuyo. Amakonda kuyenda motsatira khoma ndipo amalowa yekha. Tsekani ndi katoni kapena chivundikiro chogwidwa ndi chopanira, kaikeni m'bokosi latsopano, tsegulani ndi chopanira, n'kumusiya atuluke nthawi yake. Kabokosiko mudzachotsa mawa. Kumunyamula ndi chopanira kumaphwanya thupi lake, ndipo mukapana miyendo yakumbuyo amaidula n'kuthawa. Ena amamuika mufiriji kuti afooke. Zimenezi zimavulaza a m'maiko otentha, ndipo amatsitsimuka mwadzidzidzi munthu atatayirira.

Akathawa, uzani onse m'nyumba nthawi yomweyo. Tsekani chipinda, yalani zopukutira zonyowa m'munsi mwa makoma, zimitsani magetsi, ndipo muzizivundukula ndi chopanira usiku ndi m'mamawa, kabokosi kali m'manja. Ludzu limamukokera kumeneko. Mpaka atapezeka, aliyense azikutumula nsapato, zovala ndi zofunda, ndipo ana asagone pansi.

Akaluma

Ululu umayamba pomwepo, wotentha, ndipo pamaoneka timabala tiwiri. Kutenthako kuli ndi chifukwa: mu 2015 akatswiri anapeza mu poizoni wa nankalizi wa mutu wofiira wa ku China chinthu chodzutsa mitsempha yomweyo imene imamva kuwawa kwa tsabola. Mu 2018 anapezanso china chotseka njira za potaziyamu (mchere wina wa m'thupi) m'maselo a mitsempha ya magazi ndi mtima, chimene chimathandiza nankalizi wa magalamu 3 kugonjetsa mbewa ya magalamu 45 m'masekondi 30. Mankhwala othetsa poizoni ameneyu kulibe; chithandizo chonse ndi chochepetsa ululu ndi kuteteza bala.

Choyamba tsekani bokosi. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi, vulani mphete kapena chibangili dzanja lisanatupe. Viikani malo olumidwa m'madzi otentha a madigiri 40 mpaka 45 kwa mphindi 20 kapena 30, mutayesa kaye madziwo ndi dzanja linalo, chifukwa dzanja lopweteka silizindikira kuti likupsa. Ena amapeza bwino ndi ayisi wokulungidwa m'nsalu. Imwani Panado kapena ibuprofen pa mlingo wolembedwa, ndi Piriton ngati pakuyabwa. Osatema mphini, osayamwa, osamanga ndi chingwe, osapaka mafuta a galimoto kapena parafini. Zimenezi sizichotsa poizoni, zimangowonjezera bala. Funsani kuchipatala za katemera wa kafumbata ngati papita zaka zambiri musanabayidwe. Ululu ukakana kutha, kuchipatala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo.

Thamangirani kuchipatala osadikira ngati wolumidwa ndi mwana, ngati kupuma kukuvuta, nkhope kapena lilime likutupa, thupi latuluka zidzolo, pachifuwa pakupweteka, munthu akuchita chizungulire kapena kukomoka, kapena mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, chomwe chimasonyeza kuti minofu ikuonongeka ndipo impso zili pangozi. Masiku otsatira yang'anirani bala: kufiira kofalikira, mafinya, kutentha thupi kapena khungu lakuda zikufuna dokotala. Amene analumidwapo kale akhoza kutupa koopsa ulendo wachiwiri.

Mazira

Anankalizi ambiri ogulitsidwa ndi ogwidwa kutchire, ndipo wamkazi amasunga umuna kwa miyezi yambiri, choncho akhoza kuikira mazira ali yekha m'bokosi lanu. Mudzamupeza atadzipinda mozungulira mulu wa mazira achikasu, kawirikawiri 15 mpaka 60, atawanyamula ndi miyendo kuti asakhudze dothi, akuwanyambita kuti asachite fangasi. Akasokonezedwa amawadya onse. Phimbani bokosi ndi katoni kuti mude, musalisunthe, musamudyetse, ndipo madzi muziwonjezera mwakachetechete pakona yakutali. Amatha mwezi kapena iwiri osadya.

Ana amaswa ali oyera, ndi miyendo yawo yonse, ndipo amakhala m'miyendo ya mayi wawo mpaka atafundula n'kutenga mtundu. Musanafike pamenepo, ikani bokosi lonse m'bokosi lina lalikulu losalala, lokhala ndi mabowo a singano okha, chifukwa mabowo a mamilimita 2 aja ndi makomo kwa iwo. Akayamba kumwazikana, chotsani mayi kaye, kenako tolani ana ndi bulashi ndi kakapu, aliyense m'kabotolo kake kokhala ndi dothi lachinyezi la masentimita 3 ndi kachidutswa ka khungwa. Sefani dothi lakale pang'onopang'ono m'beseni musanalitaye, chifukwa ena amatsalamo. Ana a mitundu yakunja musawataye kutchire kapena kudzala. Apatseni oweta ena odziwa, mutalemba dzina la mtundu ndi mwezi umene anaswa pa kabotolo kalikonse.